Kalata kwa a Bungwe Lounika Mafilimu: musanatenge lumo, onerani kaye filimu ya ku Chicago ya 1920

Kwa a wapampando ndi mamembala a Malawi Censorship Board, komanso akuluakulu osunga mbiri ya dziko ku National Archives ku Zomba,

Zikomo mabwana ndi madona, ndakupatsani moni. Ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera. Ndilolezeni ndiyambire kutali, ku America, zaka zoposa 100 zapitazo, pa filimu imodzi yopanda mawu. Zopempha zanga zili kutsogoloku, koma popanda nkhani ya filimuyi sizingamveke.

Dzina lake ndi Within Our Gates. Anaikonza ndi Oscar Micheaux, munthu wakuda wobadwa mu 1884 pafupi ndi tauni ya Metropolis m'chigawo cha Illinois, mwana wa bambo amene anabadwira mu ukapolo. Micheaux anagwirapo ntchito yotumikira apaulendo m'sitima zapamtunda, analimapo munda ku South Dakota mpaka chilala ndi ngongole zinamulanda, kenako anayamba kulemba mabuku n'kumagulitsa yekha khomo ndi khomo. Kuchoka apo ndiye analowa m'mafilimu, wopanda sukulu yake, wopanda kampani yaikulu yomuima kumbuyo. Mwa mafilimu aatali okonzedwa ndi munthu wakuda wa ku America amene alipobe mpaka lero, wakale kwambiri ndi ameneyu.

Ndinaionetsa kwa ana a kalabu yathu ya mbiri Lachisanu lina masana, pa laputopu yobwereka, titatchinga mawindo ndi zitenje kuti chithunzi chioneke. Popeza anthu ake salankhula, nkhani imayenda ndi mawu olembedwa amene amatuluka apo ndi apo, ndiye ine ndinkawerenga n'kumamasulira m'Chichewa monga amachitira anyamata a m'mavidiyo sho. Poyamba ana ankangoseka zipewa zikuluzikulu ndi maso otong'ola. Nkhani imayamba ngati ya chikondi ndi nsanje. Mtsikana wophunzira, Sylvia Landry, chibwenzi chamuthera chifukwa cha kaduka ka msuweni wake. Wapita kum'mwera kukathandiza pa sukulu ya ana osauka akuda yotchedwa Piney Woods, imene yatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo kuchoka uko wapita ku Boston kukafuna madola 5,000 oipulumutsira. Zonsezi ana anazilandira ngati filimu ina iliyonse. Phokoso linatha pamene nkhani inabwerera m'mbuyo kukationetsa kumene Sylvia anachokera.

Bambo amene anamulera, Jasper Landry, ndi tenanti. Amalima m'munda wa mzungu wolemera, Philip Gridlestone, bwana wodziwika ndi kubera anthu powerengera ngongole. Jasper sadziwa kuwerenga, koma anadzimana n'kuphunzitsa mwana. Tsopano mwanayo wakhala patebulo, wawerengetsa bwinobwino zimene bambo ake anakongola ndi zimene ayenera kulandira, ndipo Jasper wanyamuka kukaonana ndi bwana. Apa mtsikana wina wa Fomu 3, amene makolo ake anakhalapo pa esiteti ya fodya, ananena mokweza kuti, "Aphunzitsi, bwanayo sangalole ameneyo." Sanaloledi. Mkangano uli mkati, mzungu wina wosauka amene bwana yemweyo anam'bera wawomba mfuti ali panja, Gridlestone wagwa, wafa. Wantchito wa m'nyumba, Efrem, munthu wakuda wokonda kutola nkhani n'kukazitula kwa azungu kuti azimukonda, wathamanga tauni yonse kulengeza kuti wapha bwana ndi Jasper.

Banja la Landry lathawira kudambo. Chigulu cha azungu chikuwasaka ndi mfuti, ndipo chitatopa ndi kudikira chagwira Efrem yemwe uja, amene ankadziyesa mnzawo, n'kumupachika. Kenako Jasper ndi mkazi wake agwidwa. Ine chinandilasa mtima kuposa chingwe ndi anthu obwera kudzaonerera: amayi, ana ang'onoang'ono, onse asonkhana ngati kuli chisangalalo. Kamnyamata ka m'banjamo, Emil, kawomberedwa, kagwa, kenako kadzambatuka n'kukwera hatchi kuthawa. Makolo ake apachikidwa, moto wootchera mitembo wasonkhedwa. Ndiye Micheaux akusinthanitsa zithunzi, uku moto ukuyaka, uku m'kanyumba mmene mbale wake wa malemu bwana uja, Armand Gridlestone, wapanikiza Sylvia kufuna kumugwiririra. Akulimbana, mipando ikugwa, wamung'ambira malaya, waona chipsera pachifuwa. Chipseracho wachizindikira. Mtsikanayo ndi mwana wake, wobereka yekha mwa mayi wachikuda.

M'kalasi munangoti zii. Patapita nthawi mnyamata wina anafunsa kuti, "Koma boma lakumeneko linailola filimu imeneyi?" Funso limenelo ndi limene landifikitsa pakhomo panu.

Mzinda wa Chicago ndiwo unayamba ku America konse kukhazikitsa lamulo lounika mafilimu, mu 1907, ndipo mphamvu yopereka chilolezo inaikidwa m'manja mwa apolisi. Micheaux anatengera filimu yake ku bungwe la mumzindawo chakumapeto kwa 1919, ndipo bungwelo linaikana. Chifukwa chake chinali chosabisika. Pa 27 Julayi chaka chomwecho, mnyamata wakuda wa zaka 17, Eugene Williams, akusambira m'nyanja ya Michigan, anayandamira ku mbali imene azungu ankati ndi yawo. Mzungu wina anayamba kuponya miyala, mnyamatayo anamira, wapolisi anakana kumanga woponya miyalayo. Chipolowe chimene chinabuka chinatha pafupifupi sabata. Anthu 38 anafa, akuda 23 ndi azungu 15, ovulala anaposa 500, ndipo mabanja ambirimbiri, makamaka akuda, anatsala opanda pogona. M'chaka chimenecho anthu akuda oposa 70 anaphedwa ndi zigulu popanda kuzengedwa mlandu m'madera osiyanasiyana a dzikolo. Ku Omaha, mu Seputembala, chigulu cha azungu chinatulutsa munthu wakuda dzina lake Will Brown m'nyumba ya khothi, kumupachika n'kuotcha mtembo wake anthu akujambulitsa zithunzi pambali.

Sindifuna kuwanamizira ounika mafilimu a ku Chicago kuti onse anali oipa mtima. Maliro anali asanaiwalike. Ndipo amene ankati filimuyi isaonetsedwe sanali azungu okha. Abusa ena akuda nawonso ankaopa kuti anthu akaona chingwe ndi moto pa kanema, misewu idzayakanso. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Aliyense amene anaonapo msika ukubalalika chifukwa cha mphekesera amadziwa kuti mtendere ndi dzira.

Komabe tiyeni tione bwino. Chipolowe cha Chicago chinayamba ndi mwala komanso wapolisi wokana kugwira ntchito yake, filimu kunalibe. Will Brown anaphedwa filimu ya Micheaux isanatuluke. Zimene bungwe linkaopa kuti anthu angaone pa nsalu yoyera, anthuwo anali ataziona kale ndi maso pamsewu, ena ataika nazo abale m'manda. Ambiri mwa akuda a ku Chicago anali othawa kwawo kum'mwera chifukwa cha zomwezo. Ndani ndiye ankatetezedwa? Amayi amene mwana wawo anapachikidwa ku Mississippi sankafunika kubisiridwa kuti kuli kupachika. Amene anapindula ndi lumo ndi aja ankafuna kuti dziko lizikhulupirirabe nkhani yakale, yakuti munthu wakuda amapachikidwa chifukwa wagwirira mkazi wachizungu. Micheaux anaitembenuza nkhaniyo poyera: wopachikidwa ndi wosalakwa, mlandu wake ndi kufunsa za malipiro ake, ndipo wogwirira ndi mzungu. Akuluakulu anati mukabisa matenda, maliro tidzamva.

Patapita masabata akukankhanakankhana, chilolezo chinaperekedwa, ndipo pa 12 Januwale 1920 filimuyi inayamba kuonetsedwa ku Vendome Theater mumsewu wa State. Anthu anadzaza holo, ndipo chipolowe chimene ankachiopa chija sichinabuke. Koma lumo linali litadya kale. Kuyambira pamenepo filimuyi inkayenda m'maonekedwe osiyanasiyana, kuno yadulidwa apa, uko yadulidwa pena, malinga ndi mtima wa bungwe kapena mkulu wa polisi wa mzinda umenewo. M'mizinda ina ya kum'mwera anangoikaniratu. Anthu awiri a m'mizinda iwiri akanatha kukangana za filimu imodzi asakudziwa kuti anaonera zinthu zosiyana.

Tsopano yerekezani ndi filimu ina ya zaka zisanu m'mbuyo mwake, The Birth of a Nation ya D. W. Griffith, imene inatuluka pa 8 Febuluwale 1915 ku Los Angeles. M'menemo namonso muli munthu wakuda wophedwa ndi gulu, koma ophawo, a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza ndi kupha anthu akuda, ndiwo ngwazi zopulumutsa dziko, ndipo munthu wakuda, amene kawirikawiri ndi mzungu wodzipaka zakuda kumaso, ndi chilombo chosaka akazi achizungu. Filimu imeneyo inaonetsedwa ku White House pamaso pa pulezidenti Woodrow Wilson. Inapanga ndalama zosaneneka. Chaka chisanathe, mu Novembala 1915, gulu la Klan linadzutsidwanso pa phiri la Stone Mountain ku Georgia, ndipo kwa zaka zambiri linkagwiritsa ntchito filimuyo pokopa anthu. Ngati panali filimu imene inabaladi magazi, ndi imeneyo. Madera ena monga Ohio ndi Kansas anailetsa kwa nthawi, n'zoona, koma dziko lonse linaionera, mibadwo ya ophunzira za kanema yakhala ikuiphunzira, ndipo sinasowepo.

Pali mbali ina imene ndimaiganizira kwambiri, ndipo sindiibisa ngakhale ikupweteka. Amene anamenya nkhondo kuti filimu ya Griffith iletsedwe anali anthu akuda eniake, bungwe lomenyera ufulu wa akuda la NAACP ndi anthu olimba mtima ngati William Monroe Trotter, amene anamangidwa ku Boston akuchita zionetsero zoikana. Ndikanakhala kumeneko ndikanaima nawo. Iwo ankati filimu yodzutsa chidani cha mitundu isaloledwe. Malamulo ndi zifukwa zomwezo, zakuti chithunzi ichi chingasokoneze mtendere pakati pa mitundu, ndi zimene patapita zaka zochepa zinatembenukira Micheaux. Lumo silidziwa amene analinola. Ndipo Micheaux analibe kothawira, chifukwa pa 23 Febuluwale 1915 khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa kampani ya Mutual Film ndi chigawo cha Ohio, linagamula kuti mafilimu ndi malonda chabe, sali m'gulu la zotetezedwa ndi ufulu wolankhula ngati nyuzipepala. Chigamulo chimenecho chinakhalapo mpaka 1952. Micheaux anamwalira mu 1951.

Kenako filimuyi inasowa. Kwa zaka makumimakumi anthu ankangoiwerenga m'nyuzipepala zakale, osaiona. Ndinene chilungamo, kusowako si mlandu wa ounika okha. Mafilimu a nthawi imeneyo ankajambulidwa pa mipukutu ya nayitireti, imene imagwira moto msanga ndipo ikakhalitsa imanyenyeka n'kusanduka fumbi. Kafukufuku amene Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatulutsa mu 2013 anapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene anakonzedwa ku America, 70 pa 100 alionse anatheratu. Koma filimu ya kampani yolemera inkakhala ndi makope ambiri ndi nyumba yosungiramo. Ya Micheaux inali ndi makope owerengeka, oyenda m'chikwama tauni ndi tauni, ndipo paliponse pamene inafika wina ankaibudula. Zidutswa zodulidwazo palibe bungwe limene linazisunga.

Mlandu suola. Kope imodzi yokha inapezeka ku Madrid, m'nyumba yosungira mafilimu ya dziko la Spain, ili ndi dzina lina, La Negra, mawu ake onse olembedwa atamasuliridwa m'Chisipanishi. Library of Congress inaitenga, mu 1992 inailemba m'kaundula wa mafilimu ofunika kusungidwa a dziko la America, ndipo mu 1993 inaikonzanso. Katswiri wina, Scott Simmon, anachita kumasulira mawu aja kuchoka m'Chisipanishi kubwerera m'Chingerezi, akutsanzira kalankhulidwe ka m'mabuku a Micheaux, chifukwa mawu enieni a mwini wake amene anapulumuka pa mpukutuwo ndi a malo anayi okha. Pena pamene chidutswa chinasoweratu anangoikapo mawu ofotokoza zimene zinachitika. Ganizirani zimenezi, mabwana. Zimene ine ndinkauza ana anga Lachisanu lija zinachoka m'kamwa mwa Micheaux, kupita m'Chisipanishi, kubwerera m'Chingerezi cha munthu wina, n'kudzafika m'Chichewa changa. Muli malo ena okhudza mtima kwambiri, pamene mlaliki wokalamba, Old Ned, amene amaphunzitsa akuda anzake kuti asalimbane ndi za sukulu ndi mavoti poti kwawo n'kumwamba, wasekedwa n'kumenyedwa theche ndi azungu, iye akuseka nawo. Atatuluka panja, ali yekha, nkhope yagwa, akudziimba mlandu kuti wagulitsanso ukulu wake ndi mbale ya mphodza ngati Esau. Ganizo lake tili nalo, koma mawu amene Micheaux analemba pamenepo anapita.

Mwa mafilimu ake opanda mawu oposa 20, atsala atatu. Ina, The Symbol of the Unconquered, inapezeka ku Belgium, koma gawo limene a Klan akugonjetsedwa mulibe. Ina, Body and Soul ya 1925, mmene woimba ndi wazisudzo wakuda wotchuka Paul Robeson anaonekera koyamba pa kanema, ounika a ku New York anaikana mpaka Micheaux ataifupikitsa kwambiri.

Mwina mukufunsa kuti za ku Chicago zikutikhudza bwanji ife. Dziko limene lili m'filimuyi si lachilendo kwa ife monga tingaganizire. M'busa John Chilembwe anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kum'mwera komweko, m'zaka zimene kupachika akuda kunali pachimake. Atabwerera mu 1900, akuda a ku America monga Landon Cheek ndi Emma DeLaney anabwera kudzamuthandiza ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Sukulu ya Piney Woods ya m'filimu ndi sukulu za Providence Industrial Mission zinabadwa ndi maganizo amodzi, akuti mwana wa tenanti akadziwa kuwerenga bwana sangamuberenso mwakachetechete. Jasper Landry pamaso pa Gridlestone ndi munthu wa thangata wa ku Magomero pamaso pa William Jervis Livingstone. Ndipo Chilembwe naye anakumana ndi lumo: kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya eni ake, boma la atsamunda linaitsekereza. Patangopita miyezi iwiri, pa 23 Januwale 1915, zimene sanaloledwe kunena ndi cholembera zinanenedwa ndi mikondo. Iye anaphedwa pa 3 Febuluwale, kutatsala masiku asanu kuti filimu ya Griffith ituluke.

Bungwe lanu linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo akuluakulu ambiri akukumbukira mmene mabuku, nyimbo ndi mafilimu zinkaletsedwera masiku amenewo. Akukumbukiranso kuti ndakatulo za Jack Mapanje zinachotsedwa m'masitolo ndipo mwini wake anakakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Inu amene muli pamipandoyo lero simuli ndi mlandu wa zimenezo, ndipo Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, pa ndime 35, amapatsa aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake. Ntchito yanu ndimailemekeza. Ndine kholo, ndipo ndaonapo ana a zaka zisanu ndi ziwiri atakhala pa benchi m'vidiyo sho akuonera zinthu zosayenera ngakhale munthu wamkulu. Pamenepo dzanja lanu likufunikadi.

Koma tsiku likubwera, mwina lafika kale, limene mnyamata kapena mtsikana wa kuno adzakubweretserani Within Our Gates yakeyake. Idzakhala ya agogo anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Idzakhala ya mphekesera za anamapopa za 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene anthu osalakwa anagendedwa ndi kuotchedwa chifukwa wina anathamanga n'kunena kuti wamuona. Efrem tili naye m'mudzi uliwonse, ndipo masiku ano ali ndi foni ya WhatsApp. Idzakhala ya abale athu achialubino, kapena ya tenanti amene wagwira chaka chathunthu n'kubwerera kwawo ndi thumba lopanda kanthu. Idzaonetsa chigulu, ndipo m'chigulumo mudzakhala amayi obereka ana kumbuyo, mwinanso mfumu, mwinanso wa yunifolomu atangoima chapatali. Adzabwera anthu aulemu wawo, ena a mipingo, ena a ndale, kudzakuuzani kuti zimenezi zidzutsa mkwiyo, zinyozetsa dera lathu, mabala akadali aawisi. Adzanena ndi mtima woona ngati abusa a ku Chicago aja.

Pempho langa loyamba ndi lakuti tsiku limenelo mudzaike malire a zaka, mudzalembe chenjezo kuti muli zithunzi zowawa, mudzalamule kuti ana asalowe, koma chithunzicho mudzachisiye chathunthu kuti akuluakulu aone zimene timachitirana. Funso lodzifunsa likhale lakuti filimuyi ikuuza woonera kuti akaphe, monga inachitira ya Griffith, kapena ikumuonetsa mmene kupha kumaonekera kuti achite nako manyazi. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kutalitali, ngakhale zonse zili ndi chingwe ndi moto.

Ngati pali pena pamene mwaona kuti simungachitire mwina koma kudula, lembani poyera chimene mwadula, kutalika kwake ndi chifukwa chake, mwini filimu apatsidwe kalata, ndipo akhale ndi kokadandaula. Ndiye apa ndikutembenukira kwa inu a ku Zomba. Filimu iliyonse ya Mmalawi imene yadutsa m'manja mwa bungwe, kope yake yathunthu, yosadulidwa, izisungidwa kwa inu, pamodzi ndi chikalata cha chigamulo. Masiku ano sipafunika chipinda chozizira chosungira mipukutu yoyaka moto, pafunika makompyuta osungira, makope awiri kapena atatu m'malo osiyana, ndi munthu wolipidwa woziyang'anira. Mafilimu athu ambiri ali pa ma CD okalikakalika ndi m'mafulashi a eni ake, ndipo mwini akamwalira kapena laputopu ikabedwa, basi zathera pomwepo. Maganizo a bungwe amasintha pakapita zaka, koma chidutswa chotayidwa sichibwerera. Ife tilibe Madrid woti adzatisungire mwangozi.

Chotsiriza n'chaching'ono. Within Our Gates ndi yakale moti ku America ilibenso mwini woletsa kuikopera, ndipo imatha ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20. Popeza ndi yopanda mawu, kuimasulira n'kosavuta, kungosintha zolembedwa zija kuziika m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Ipatseni chilolezo choonetsedwa kwa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 pamodzi ndi aphunzitsi awo, makamaka sabata ya 15 Januwale pamene tikukumbukira Chilembwe. Ine zolembedwazo ndayamba kale kuzimasulira m'kope langa, ndipo mtsikana wa pa esiteti uja ndi anzake awiri akundithandiza kusankha mawu. Tafika pamene Jasper akunyamuka kupita kwa bwana. Mukafuna kuionera musanagamule, tidzabwera nayo ku ofesi kwanu, ndipo anawo adzakuwerengerani okha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale